Ndime Imene Ndinadumpha

Kwathu pepala lililonse lolembedwa m'Chingerezi limafikira m'manja mwanga. Kalata ya kusukulu, kapepala ka m'bokosi la mankhwala a chifuwa, ngakhale malangizo a pa botolo la mankhwala ophera mphemvu, amayi amangoti, "Itanani Pulofesa." Dzinali anandipatsa ndi alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, ndipo linandimatirira ngati chingamu kunsi kwa nsapato. Sindine wolankhulalankhula. Alendo akabwera ndimathawira kukhitchini. Koma akandipatsa pepala, mawu amatuluka bwinobwino, chifukwa si anga, ndi a mwini pepala.

Achemwali anasiya sukulu ali aang'ono, bambo atayamba kudwala, kuti azithandiza amayi. Ine ndiye ndinapitiriza mpaka kulemba mayeso omaliza chaka chatha, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Achemwaliwo ndi telala. Kashopu kawo ndi chipinda chimodzi pamsewu wa kuseri kwa msika: makina awiri, tebulo lodulirapo nsalu, ndi katani wobiriwira amene makasitomala amabisalako poyesa zovala. Manambala a pa tepi amawerenga mofulumira kuposa ine. Munthu akangolowa pakhomo amadziwa kale kukula kwa chiuno chake. Koma Chingerezi amamva cha moni chokha.

Pa makina achiwiri pamakhala mayi wina amene onse amamutchula Mai Zipi, chifukwa ntchito yake yaikulu ndi kusintha mazipi a mathalauza ndi zikwama. Achemwali amati pamene panafunika zipi kwambiri ndi pakamwa pake.

Tsiku lina Lachitatu, patangotha sabata ziwiri nditamaliza mayeso, achemwali ananditumizira uthenga kuti ndifike kushopu masana. Nditafika anatuma Mai Zipi kukagula ulusi wakuda kusitolo ya kutali, ulusi womwewo utadzadza m'kabati. Anatseka chitseko, nkundikokera kuseri kwa katani. Tinakhala pa benchi yoyeserapo nsapato, mawondo akugundana.

"Amayi usawauze," anatero. "Alamu ako awapeza nako kachilombo. Tinapita limodzi Lolemba. Ine sanandipeze nako."

Ndinangoti, "Pepani."

"Pepani wakoyo sunga. Werenga ichi." Anatulutsa pepala lopindapinda m'thumba la epuloni. "Anesi akuti mapepala a m'chilankhulo chathu anatha, atsala awa okha. Analongosola ndithu, koma ine ndinali ngati ndili pansi pa madzi. Palibe chimene ndinamva."

Pepalalo linali ndi ndime zinayi. Ndinaika chala pa mzere woyamba monga ndimachitira nthawi zonse, nkuyamba kumasulira. Ndime yoyamba inkanena za mankhwala: kuti alamu azimwa tsiku lililonse osaphonya, ndipo akatero kachilombo kamachepa m'magazi mpaka sikangathenso kupita kwa mnzawo, koma zimatenga miyezi, ndipo ndi kuchipatala kokha kumene angayeze nkunena kuti tsopano kachepa. Achemwali anagwedeza mutu. Ndime yachiwiri inali ya makondomu.

"Hm," anatero. "Amenewo alamu ako amati nkudya switi ili m'pepala. Pitiriza."

Kusukulu anatiphunzitsa kuti powerenga mokweza maso azitsogola, pakamwa pazitsatira. Ndiye pamene pakamwa pankamaliza za makondomu, maso anali atalowa kale m'ndime yachitatu. Inkanena za mwamuna ndi mkazi amene amagonana kudzera kumbuyo, kotulukira chimbudzi, poganiza kuti kumeneko kachilombo sikadutsa. Inkati kumeneko ndiye koopsa kuposa konse, ndipo inkalongosola chifukwa chake. Pambali pake panali chithunzi cha thumbo lodulidwa pakati ngati paipi, ndi timadontho tambirimbiri m'mbali mwake.

Ndinaona mawu amene ndinayenera kuwatchula, m'chilankhulo chathu, pamaso pa munthu amene anandibereka kumsana, amene anandiphunzitsa kusamba ndi kuchapa zamkati. Mawu amene kwathu ukangowayandikira amayi amakuyang'ana ndi diso limodzi nkunena kuti, "Pakamwa pa mwana wamkazi si padzala."

Ndikanakonda kunena kuti m'shopumo munali anthu, kapena kuti Mai Zipi anatulukira. Munalibe aliyense. Panja pankangomveka wogulitsa madzi ozizira akuitana anthu. Ndinanyamula chala changa, nkukachiika pa ndime yachinayi.

Imeneyo inkanena kuti amene alibe kachilombo angathe kumamwa mapiritsi ena omuteteza, ndiponso kuti aziyezetsa miyezi itatu iliyonse. Ndinaiwerenga pang'onopang'ono, momveka bwino, ngati kuti kuiwerenga bwino kukwirira inzake ija.

"Watha?"

"Eya."

"Nanga chithunzichi? Chikuoneka ngati soseji."

"Ndi matumbo," ndinatero, ndipo mpaka pamenepo ndinkanena zoona. "Akuti munthu amene ali nako azidya bwino. Masamba, zipatso. Kuti m'matumbo muzikhala bwino."

Bodzalo linatuluka losalala ngati ulusi wa silika. Sindinkadziwa kuti ndimatha kunama chonchija.

Achemwali anatola kachidutswa ka choko pansi nkumakatembenuza m'manja. Sanandiyang'ane.

"Nanga za njira zina, sanalembe?"

"Njira zanji?"

"Iwenso! Njira zina basi. Za anthu apabanja."

"Ayi. Sanalembe."

Anatulutsa mpweya wautali, mapewa nkutsika. "Ndiye kuti alamu ako amanena zoona," anatero, ngati akuuza chokocho. "Basi. Mapiritsi awowo ndimwerenji ine munthu wosadwala?"

Sindinafunse kuti zoona zake ziti. Ndinadziwa. Ndikufuna zimenezi zimveke, chifukwa pambuyo pake ndinayesa kudziuza kuti sindinamvetse, kuti ndinali mwana. Ndinamvetsa zonse. Anabwera ndi funso limodzi limene anachita nalo manyazi kwa anesi, nkulibweretsa kwa ine mozimbaitsa, ine nkumuyankha kuti ayi.

Chitseko chinatsekuka, Mai Zipi nkusuzumira kuseri kwa katani, ulusi uli m'manja.

"Mukubisirana chiyani kuno? Pulofesa wapeza mwamuna? Ndani wagwa m'dzenje ameneyo? Adzakhala akufunsira chaka chathunthu, uyu ali duu, akungoyang'ana zala zakuphazi."

Achemwali anaseka, nkupinda pepala lija, nkuliika m'kadirowa ka makina, pansi pa mabobini.

Kuyambira sabata imeneyo kunyumba kwa achemwali kunadzadza malalanje. Ankagula akamaweruka, thumba lathunthu, ndi mapapaya, ndi masamba a mitundumitundu. Nditapita kukawaona Lamlungu lina, ndinapeza alamu atakhala pakhonde, akusenda lalanje ndi kampeni kawo kodulira mawaya.

"Pulofesa! Akuti ndiwe unandilembera chakudya cha anyanichi? Ndikamera mchira udziwe kuti mlandu ndi wako."

Alamu amakonza mafiriji. Ndi munthu wanthabwala, manja ake amanunkha oyilo nthawi zonse, ndipo tsiku limene bambo anakomoka ndi iyeyo amene anawabereka kumsana mpaka pamsewu waukulu. Kudana naye nkovuta. Ndayesa. Zimene anauza achemwali sanazipeke yekha, anazimva kwa anzake kuntchito, kuti kachilombo kamadzera kumene mwana amadzera, kwinako kulibe khomo. Iye anakhulupirira chifukwa zinkamukomera kukhulupirira.

Ndinaseka nawo za anyanizo. Lalanje limene anandipatsa linkawawa ngati ndulu, koma ndinalimaliza.

Kunyumba ndinatsegula buku langa la sayansi ya zamoyo. Mutu wa za kuberekana unali woyera, wopanda mzere ndi umodzi womwe wa pensulo, chifukwa aphunzitsi athu atafika pamenepo anatsokomola, nkuyang'ana pawindo, nkunena kuti, "Mutu uwu mukawerenge nokha kunyumba, ndinu akuluakulu." Kalasi yonse inaseka, ife atsikana tinaweramitsa mitu. Nthawi imeneyo ndinawathokoza mumtima aphunzitsiwo. Pano ndikakumana nawo pamsewu ndimawoloka.

Ndinaganiza zolemba. Zimene pakamwa pakana, dzanja likhoza, ndipo achemwali chilankhulo chathu amawerenga, ngakhale mochedwa. Ndinang'amba tsamba m'kope, nkulemba ndime ija monga ndinkaikumbukira. Zinanditengera masiku atatu kupeza mawu oti asamveke ngati kutukwana. Ndinalipinda kanayi, nkuliika m'thumba la siketi, nkumayenda nalo. Ndinapita nalo kushopu kasanu. Kachisanuko achemwali anaona kuti thumba la siketiyo lasosoka.

"Ima pomwepo, ndikusokere. Iwe, mng'ono wa telala kuyenda ndi thumba lobooka, ukufuna kundithamangitsira makasitomala? Tulutsa zili m'menemo."

Ndinatulutsa kapepalako, nkukafumbata. Anagwada pambali panga, singano m'kamwa, mutu wawo utatsamira m'chiuno mwanga. Ndikanangotambasula dzanja.

"Kalata ya chibwenzi imeneyo," anatero Mai Zipi, makina akulira. "Taonani mmene waifumbatira, mpaka thukuta. Iwe, manyazi anapha lambe. Tipatse tikuthandize kuyankha, ife zinthu izi tinazidutsa."

"Musiyeni mwana," anatero achemwali. "Uyu si wa zimenezo. Uyu ndi wa mabuku."

Pobwerera ndinakang'amba kapepalako tizidutswatizidutswa, nkuponya m'ngalande.

Kenaka ndinapeza pobisala. Ndime yoyamba ija. Alamu akumwa mankhwala, ndinkadziuza, ikangotha miyezi ingapo kachilombo kachepa, ndiye ndime yachitatu ikhala yopanda ntchito. Miyezi itatu itakwana achemwali anakayezetsa, sanawapeze nako. Tsiku limenelo ndinadya mbale ziwiri. Ndinkaona ngati Mulungu wandikhululukira ndisanapemphe nkomwe.

Mwezi wachisanu firiji ya amayi inayamba kudontha, alamu nkubwera kudzaikonza. Anagona chagada pansi, mutu uli kuseri kwa firiji.

"Pulofesa, tandipatsa sipanala yaing'ono m'chikwamamo."

Pansi pa mawaya ndi masikuluu munali mabotolo awiri oyera a mapiritsi, osatsekula. Ndinaima nawo m'manja. Alamu anadzutsa mutu, nkuwaona, kumwetulira kuja nkuzimirira.

"Amandizunguza mutu," anatero motsitsa mawu, poti amayi anali panja akuyanika zovala. "Ndikakwera pa makwerero ndimaona pansi pawiri. Ndimamwa ndikakhala kuti sindikugwira ntchito. Mkulu wako usamuuze, ali ndi zambiri kale. Komanso iyeyo ndimamusamala, sindingamupatsire. Tili ndi njira yathu."

Ndinawapatsa sipanala. Sindinanene kanthu kwa iwo, sindinanene kanthu kwa achemwali. Ndinali nditazolowera. Kukhala chete kuli ngati nsapato yothina: masiku oyamba imaluma, kenaka phazi limapindika kuti likwanemo.

Zotsatira za mayeso zitatuluka, phunziro limene ndinakhoza kuposa onse linali sayansi ya zamoyo. Amayi anayenda nalo pepala la zotsatirazo nyumba ndi nyumba, atalizondotsa. Achemwali anandisokera jekete ya buluu, ya nsalu yochindikala, mkati mwake ataikamo layining'i yonyezimira, yoterera, yopyapyala moti ukaiyang'anitsa padzuwa umaona zala zako kuseri.

"Ya kukoleji," anatero akundiveka. "Akadziwe kuti kwanu kuli telala."

Kuyezetsa kotsatira anachedwa nako, ntchito ya mayunifolomu a ana asukulu itachuluka. Anapita mwezi wachisanu ndi chitatu, ndipo anandipempha kuti ndiwaperekeze. Tinakhala pa mabenchi a matabwa kuyambira m'mawa, aliyense atagwira kakhadi ka nambala, wailesi ya kanema ya pakhoma ikuonetsa anthu ovina popanda mawu. Atawaitana analowa akundisiyira chikwama. Ena ankalowa nkutuluka msanga. Iwo anakhalitsa. Kenaka ndinamva mawu awo kudutsa chitseko, okwera, amene amalankhula kasitomala akakana diresi yoti anasankha yekha.

Anatuluka atanyamula kajumbo ka mabotolo ndi mapepala atsopano. Sanalire. Anatenga chikwama chawo, nkunena kuti, "Tiye."

Tinayenda wapansi, osakwera basi. Tinadutsa ogulitsa matayala, tinadutsa sitolo ya utoto. Pafupi ndi mlatho anayamba kulankhula, maso ali kutsogolo.

"Mizere iwiri. Andipeza nako."

Ndinati, "Pepani," kachiwiri m'moyo wanga pa nkhani yomweyo.

"Anesi anandifunsa mafunso. Lero ndinayankha zonse, manyazi ndiwasungirenji. Nditawauza mmene timachitira ndi alamu ako, anesi aja anagwira pakamwa. Akuti, mayi, kumeneko ndiye koopsa zedi, zinalembedwa papepala lija tinakupatsani. Ine ndati bodza. Ndati pepala lanulo anandiwerengera mng'ono wanga, mzere ndi mzere, chala chili pamenepo. Akuti mwina sanamve Chingerezi chake. Ndati mukumudziwa mng'ono wanga inu? Sayansi anaposa sukulu yonse. Mwana ameneyo chibadwire sanandinamizepo."

Tinakwera pa mlatho, iwo akulankhulabe.

"Anandipatsa pepala lolakwika, lonena za malalanje, lero akufuna andikankhire ine mlandu. Ndikadali nalo. Mawa tilitenga, tipita limodzi, ukawawerengere pepala lawolo pamaso pawo. Aone kuti ife si anthu opusa."

"Chabwino," ndinatero.

M'mawa mwake ndinavala jekete ya buluu, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinafika kushopu asanatsekule bwino mawindo. Mai Zipi anali asanabwere. Achemwali anali atavala kale nsapato zawo zopitira kutchalitchi. Anakoka kadirowa ka makina, mabobini nkugubuduka, nkutulutsa pepala lija. Linali ndi dontho la oyilo wa makina pakona.

"Gwira. Tiye tikafike mzere usanatalike."

Sindinalilandire. Ndinayang'ana tizidutswa ta nsalu pansi, tofiira, tamaluwa, ta yunifolomu.

"Achemwali, tisapite."

"Ukuopa anesi? Ndikakhala pambali pako."

"Zinalembedwa."

"Chiyani?"

"Zimene ananena anesi. Zili pamenepo. Ndime yachitatu, pambali pa chithunzi. Ndinadumpha."

Panja munthu ankakoka chitseko chachitsulo cha sitolo yake, phokoso lake lalitali ngati silidzatha. Litatha, achemwali analankhula.

"Unadumpha mwangozi."

Anandipatsa khomo lotulukira. Ndikanangogwedeza mutu.

"Ayi. Ndinawerenga chamumtima, nkudumpha. Ndinachita manyazi."

"Nanga malalanje?"

"Ndinapeka."

Achemwali anakhala pansi pa mpando wa makina, pang'onopang'ono, ngati mayi wokalamba. Anavula nsapato imodzi, kenaka inzake, nkuziika pamodzi bwinobwino pansi pa tebulo. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikanakonda akanandimenya.

"Ndinakufunsa," anatero. "Ndinakufunsa ndi pakamwa pangapa."

"Eya."

"Werenga."

"Achemwali..."

"Werenga. Chala chikhale pamenepo ndizichiona."

Ndinatenga pepala. Ndinaliyala pa tebulo lodulira nsalu, pakati pa sizasi ndi tepi. Anaima pambali panga, phewa lawo likugunda langa.

"Mkati mwa thumbo lalikulu, kufikira kotulukira chimbudzi, muli kakhungu kopyapyala kwambiri, kosanjikiza kamodzi kokha. Njira yodzera mwana ili ndi khungu lochindikala, losanjikizana kambiri, ndipo imadzinyowetsa yokha. Kumbuyo sikutero. Nchifukwa chake kakhunguko kamang'ambika msanga, ngakhale munthu asamve kupweteka kapena kuona magazi."

"Pitiriza."

"Kuseri kwa kakhunguko kuli asilikali a m'thupi ambirimbiri, omwewo amene kachilombo kamafuna kulowamo. Ofufuza apeza kuti..." Liwu lotsatira linatuluka ngati mpweya chabe.

"Sindinamve."

"Umuna."

"Kweza. Kusukulu unkawerenga choncho?"

"Umuna ukafika pamenepo ukhoza kunyerenyetsa ndi kutupitsa kakhunguko, nkuitana asilikali ena kuti abwere pafupi. Ngati mu umunamo muli kachilombo, kamawapeza ali pakhomo pomwe. Choncho kutenga kachilombo kudzera kumbuyo nkwapafupi kuposa njira ina iliyonse yogonana, makamaka kwa amene akulandira. Gwiritsani ntchito kondomu nthawi zonse, pamodzi ndi mafuta oterera amene timapereka kuchipatala."

Chala changa chinafika pa kadontho komaliza, nkuima.

"Basi?"

"Basi."

"Ndi yaifupi," anatero. "Kusoka batani limodzi kumatenga nthawi kuposa pamenepa."

Anagwira m'munsi mwa jekete yanga, nkuitembenuza. Anatsina nsalu yakunja ndi zala ziwiri, kenaka anatsina layining'i yonyezimira ija. Anasolola phini pa epuloni, nkuikanda nayo pang'ono chabe. Ulusi unasosoka, mzere woyera nkuthamanga mpaka m'khwapa.

"Ndi zimenezi?"

"Eya."

"Ukanangonena kuti, achemwali, kumeneko ndi layining'i. Mawu enawo osawatchula nkomwe. Ndikanamva. Sukulu ndilibe, koma nsalu ndimaidziwa."

Ndinayamba kulira, ndipo polira ndinafuna pogwira. Ndinawauza za mabotolo a m'chikwama cha alamu, kuti sankamwa, kuti akanamwa bwenzi zonsezi kulibe. Ndinanenanso kuti palibe amene angadziwe tsiku lake kapena njira yake yeniyeni. Zonsezo ndi zoona. Koma ndinkadzimva ndekha mmene ndinkamvekera, ngati mwana amene waswa mbale akuloza mphaka.

"Mabotolo unawaona liti?"

"Tsiku la firiji."

"Miyezi itatu yapitayo." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Ndiye unali ndi zinsinsi ziwiri m'thumba. Za alamu ako ndithana nazo ndekha, usandiphunzitse. Iye ndi mbuli ngati ine ndemwe, mbuli yodzikonda. Iwe unkadziwa. Ine ndikusenza malalanje tsiku ndi tsiku, thumba likundidula zala, iwe ukundilandira pakhomo, ukuti, achemwali mwaswera bwanji."

"Ndinkakulemekezani."

"Ulemu wako ndauona. Uli m'kajumbo umo, botolo limodzi pamwezi, mpaka kufa."

Chitseko chinakankhidwa, Mai Zipi nkulowa chammbali ndi chikwama chake chachikulu.

"Kwagwanji kuno m'mawa uno? Pulofesa, wakukana mnyamata uja? Usalire, amuna ali ngati mazipi a ku sitolo yotchipa, ukakoka kawiri..." Anaona nkhope ya achemwali, nkusiyira pomwepo. Anakhala pa makina ake, nkuyamba kufunafuna chinthu m'kabati chimene sankachifuna.

Achemwali anavalanso nsapato. Anatenga mapepala atsopano aja a dzulo, onena za mankhwala awo, nthawi yomwera ndi zoyenera kupewa. Manja anga anatambasuka okha, mwachizolowezi.

Anawadutsitsa pamwamba pa manja angawo.

"Ndikupita kwa bambo wa mafotokope uja wa kutsidya kwa msewu. Amamva Chingerezi."

"Achemwali, ndi mlendo. Adziwa zonse. Ndikuwerengerani ine, liwu lililonse, ndikulonjeza."

"Adziwe. Iyeyo sandilemekeza."

Anatuluka. Ndinaima pawindo, pakati pa madiresi opachikidwa. Ndinawaona akuwoloka msewu, akuzemba njinga yamoto, akulowa m'kasitolo ka mafotokope kotsekuka kutsogolo konse. Bamboyo anavala magalasi, nkuyala pepala pa kauntala, nkuika chala pa mzere woyamba. Achemwali anawerama, maso ali pa chalacho. Chinkayenda pang'onopang'ono, mzere ndi mzere, mpaka pansi pa tsamba. Anatembenuza, nkuyambanso pamwamba.

"Vula jeketeyo ndikusokere," anatero Mai Zipi chapansipansi. "Layining'i ikayamba kusosoka siima."

Ndinati asiye.

Amayi sakudziwabe kanthu. Dzulo kwabwera kalata yochokera ku koleji, ndipo ndinawamva akuitana kuchokera pakhonde, mawu odzadza ndi kunyada, kuti aneba amve: "Pulofesa ali kuti? Abwere atiwerengere."